Ndinkaodira Pakhomo pa Mayi Anga

Tsekani chitseko icho, ana inu. Mphepo ya lero yatsimikiza kusamutsira mchenga wonse wa ku Fish Hoek m'nyumba muno. Zione, ika foni pansi. Sindikuti uitaye, ndangoti uiike pansi, sithawa. Tamanda, usapite kukawiritsa madzi ena, tiyi wa m'mawa uja akadali apa. Khala pabedi pano, kumiyendo kwanga.

Ndamva zimene unawauza amayi ako pa foni dzulo, malatawa sasunga chinsinsi. Wati Loweruka sukwera basi yopita ku sukulu ya unamwino ija, uyamba wadikira kuti agogo achire, ngakhale malo ako apatsidwe kwa wina. Ndamva ndithu. Ndaonanso kuti masiku ano ukamachokera ku shopu umayamba wagwedeza geti, kenaka utsokomole, kenaka uti "odi" pakhomo pako pomwe. Mwana wokulira ku Masiphumelele, amene Chichewa chake chimatuluka chitakolekana ndi Chikhosa, kuodira wakuphunzira kuti? Ndiye khalani phee, ndikuuzeni za mayi anga.

Ankatchedwa Anaphiri. Anali mayi wamtali, wa mapewa ngati a mwamuna, woti thumba la mbatata ya kachewere ankalisenza yekha kuchokera kudimba popanda womutwika. Kwathu ku Ntcheu kumazizira, osati kuzizira konyowa kwa kuno kolowa m'mafupa, koma kuzizira kouma, kokhala ndi fungo la udzu wopsa. Ndikatseka maso ndimaona nyumba yathu ya udzu, kuwala kukulowa pa timabowo ta denga ngati timizere, fumbi likuyandama m'menemo pang'onopang'ono. Pansi pa timizere timeneto pali mphasa, ndipo pamphasapo pagona mayi anga, atamanga duku lobiriwira mothina pamphumi.

Nthenda yoyamba inali yeniyeni, zimenezo ndiziwachitira umboni. Ndinali wamng'ono, mano akutsogolo atagweruka. Anadwala malungo aakulu mpaka kumalankhula ndi anthu amene anamwalira kale. Bambo anga anali ku Joni, ku migodi. Inde, Zione, dziko lomwelino. Musamaganize kuti ulendo uno munauyamba ndinu. Aphunzitsi a pamudzi anawalembera kalata, ndipo patapita milungu ingapo bambo anatulukira ndi sutikesi paphewa, akununkhira sopo wachilendo. Anabweretsa bulangete la mizeremizere lolemera ngati chikopa cha ng'ombe.

Chimene mudzi wonse sunaiwale n'chakuti bambo anagwada pamafuwa n'kuphika okha phala la mawere. Amayi a pamudzi ankasuzumira pampanda n'kumaseka atagwira pakamwa. Iwo sanasamale. Ankawauzira phala pasupuni, kuwamwetsa, n'kuwapukuta pachibwano ndi chala. Madzulo ankawafukiza ndi masamba a bulugama pansi pa bulangete lija, nyumba yonse n'kumanunkhira ngati nkhalango mvula itangokata. Anakhala nafe mpaka chimanga chinamasula. Mayi atachira n'kuyamba kupita kumunda, bambo anamanganso sutikesi yawo. Ananyamuka akuimba mluzu, ndipo sitinawaonenso. Anatchona. Mawu amenewo muwasunge, chifukwa kwathu ena amatitchula choncho ifeyo.

Ndiye mayi anga anaphunzirapo chinthu chimodzi: munthu ukadwala, anthu amabwerera.

Nditafika Sitandade 3 ndinakhala mlembi wawo. Masiku amenewo kunalibe zodina ndi chala n'kumuona munthu ali kutsidya la nyanja akutafuna. Tinkang'amba pepala pakati pa kope, kusongola pensulo ndi lumo, kalata n'kuyenda mwezi wathunthu. Mayi ankamanga duku lija, kugona chagada, n'kuyamba.

"Lemba, Esinati. Okondedwa bambo a Esinati, ine kuno sindili bwino."

Ndinkalemba, lilime lili panja.

"Lemba kuti sindikudya."

"Mayi, nanga futali uja?"

"Iwe lemba. Futali n'chakudya? Lembanso kuti miyendo yatupa."

Ndinkayang'ana miyendoyo. Inali miyendo yabwinobwino, ya minga ndi ming'alu ya kumunda. Koma mwana saona ndi maso ake, amaona ndi mawu a mayi ake. Ndinkalemba kuti yatupa, n'kuwonjezera ndekha kuti kwambiri.

Musaganize kuti anali aulesi. Nthawi yolima, yopalira, yokolola, nthenda sinkawayandikira n'komwe. Inkabwera pokhapokha wina akamanga katundu. Mlongo wanga wamkulu atanena kuti akupita kukagwira ntchito ku minda ya fodya ku Kasungu, duku linatuluka tsiku lomwelo. Iye anazengereza sabata imodzi, kenaka anathawa m'mamawa anthu asanadzuke. Tinatsala awiri.

Ndikuuzeni zoona, masiku odwala aja ankandikomera. Kwathu wodwala sasiyidwa yekha. Amayi a mpingo ankabwera atandandalika, wina ndi nkhuni, wina ndi phava la nthochi, wina ndi mazira atatu m'kambale, wina ndi thobwa m'chipanda. Ankakhala pakhonde miyendo ali tambasu n'kumaimba motsitsa, nyimbo zija zoti ukazimva thupi limalemera ngati uli m'madzi ofunda. Ine ndinkatsamira chipupa n'kumasinza, dzuwa likundiwotcha m'mawondo, nkhuku zikudzikwirira m'fumbi. Mayi ankayankha moni ndi mawu aang'ono ngati a mwana wa mbuzi. "Pang'ono, amayi. Usiku ndiye sindinagone." Alendo akapita ankandisendera nthochi yaikulu kuposa zonse. Inu mazira mumagula a m'mathireyi, mumadya ngati mtedza. Ife dzira linali la wodwala ndi mlendo, ndipo ine ndinadya mazira ambiri kuposa mwana aliyense m'mudzi muja.

Ndinadziwa zoona ndili ndi zaka ngati zakozi, Zione. Mayi anandituma kuchipatala chaching'ono kukapempha mapiritsi, ulendo woti ukanyamuka m'mawa umabwera dzuwa litapendeka. Panjira ndinakumana ndi anthu akubwerera, akuti adokotala kulibe. Ndinatembenuka. Ndikuyandikira mudzi nthawi imene aliyense anali kumunda, ndinamva mtondo.

Inu mtondo simuudziwa, ufa mumaupeza m'pepala. Mtondo uli ndi mawu, ndipo mayi aliyense ali ndi kasinjidwe kake. Wina amasinja mofulumira ngati akuthamangitsidwa, wina mokoka. Mayi anga ankamenya kawiri mwamphamvu, kachitatu n'kupumira. Ndinkatha kuwazindikira ndili kutsidya la mtsinje. Ndinadutsa m'chimanga mwakachetechete n'kusuzumira pampanda.

Anali iwo. Duku lili pampanda, nsalu atamanga pachifuwa, msana ukung'anima ndi thukuta. Ankaponya munsi m'mwamba, kuwomba m'manja, n'kuuwakha usanagwe, uku akuimba nyimbo ya pamtondo yotukwana amuna a ku Joni. Munthu amene m'mawa womwewo analephera kunyamula kapu. Sindinawaonepo okongola ngati tsiku limenelo. Ndinaima pamenepo, ndipo chimene chinandigwira sichinali mkwiyo. Anali manyazi, ngati ndawapeza akusamba.

Ndinabwerera chambuyo mpaka pamtengo wa mango wa kunjira, n'kukhala pansi kuwerenga nyerere. Kenaka ndinanyamuka ndikuimba mokweza nyimbo ya kusukulu. Mtondo unaleka. Nditafika pabwalo ndinachita chimene mwana sachita kwawo. Ndinaima n'kunena kuti, "Odi."

"Lowa, mwanawe," anayankha ndi timawu tija.

Ndinawapeza pamphasa, duku lili pamalo pake, akupuma mofulumira. M'nsidze munali gaga.

"Ukuliona thukutali? Ndi malungo akutuluka."

"Inde, mayi."

Ndinatenga kansalu n'kuwapukuta nkhope, gaga ndi thukuta lomwe. Kuyambira tsiku limenelo ndinkaodira pakhomo pathu nthawi zonse. Anthu ankanditama kuti mwana wa Anaphiri ndi waulemu.

Tsopano mvetsera, Tamanda, chifukwa apa ndi pako. Nditalemba mayeso a Sitandade 8 ndinasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Pasukulu pathu mtsikana wosankhidwa ndinali ndekha. Musaseke, agogo anu masamu ankawadya osatafuna. Mayi anavina pabwalo mpaka fumbi kobo. Anagulitsa mbuzi n'kundigulira sutikesi ya malata, aphunzitsi n'kulembapo dzina langa ndi penti yoyera. Anandisokera okha mapitikoti awiri pamanja, anasita yunifolomu ndi chitsulo cha makala, anakazinga chimanga ndi mtedza, anaphika chigumu cha kamba wa panjira. Inali nyengo ija mitengo ya m'phiri imatulutsa masamba ofiira mvula isanabwere, phiri lonse n'kumaoneka ngati likuyaka popanda utsi. Ndinkayenda ngati mapazi sakufika pansi.

M'mawa wa ulendo ndinadzuka, ndinasamba, ndinavala. Polowa m'nyumba kuti nditsanzike, ndinapeza duku lili pamphumi.

Basi inkadutsa kamodzi patsiku. Inkamveka ili kutali, ikulira pokwera chitunda, kenaka kupuma, kenaka kuliranso. Isanamveke n'komwe, pakhonde panali patadzaza kale. Mayi ankabuula atatembenukira kuchipupa. Ine ndinaima pakhomo ndi nsapato zatsopano zikundiluma, sutikesi ili pambali panga. Azakhali ena anandigwira pamkono.

"Mwanawe, sukulu siithawa. Mako ndi mako. Ukapita n'kumva uthenga woipa, udzakhala nawo bwanji moyo wako wonse?"

Ndinkadziwa kuti sakudwala. Koma mawu oti ndinene ndikanawatenga kuti? Pamaso pa anthu onse aja, amene anasiya makasu awo n'kubwera ndi nkhuni, mwana angatsegule pakamwa n'kunena kuti mayi anga akunama? Ndinamva basi ikukwera chitunda. Ndinaimva ikuima pamsewu, ikudikira pang'ono chifukwa kondakitala anauzidwa kuti pali mwana wa sukulu. Inaliza hutala kawiri. Kenaka mawu ake anayamba kuchepa mpaka anasungunuka m'phiri muja. Ndinavula nsapato n'kukoleza moto wa phala.

Aphunzitsi aakulu anabwera kawiri pa njinga. Ulendo woyamba anati ndifulumire. Ulendo wachiwiri, patatha milungu itatu, sanatsike n'komwe, anangoponda phazi limodzi pansi n'kunena kuti malo anga apatsidwa kwa wina. M'mawa mwake mayi anadzuka, anatenga makasu awiri, tinapita kudimba. M'sutikesi muja tinkasungiramo nyemba kuopa anankafumbwe.

Ndinawada, ana inu. Ndikunena poyera lero. Ndinkawaphikira, kuwachapira, kuwameta tsitsi ndi lumo, koma mumtima ndinkawada, ndipo ndinkawakondanso kwambiri, zonse ziwiri m'chifuwa chimodzi. Zaka zinayenda monga zimayendera. Ndinakwatiwa m'mudzi momwemo, ndinabereka amayi anu, agogo anu aamuna anamwalira. Amayi anu atabwera kuno n'kupeza ntchito ya m'khitchini ku Hout Bay, anandiitana kuti ndidzathandize kulera iwe, Tamanda. Ulendo umenewo mayi anga sindinawatsanzike. Ndinachita za mlongo wanga zija, kunyamuka kusanache, nsapato zili m'manja. Masiku anayi m'basi, kuwoloka mlatho wautali wa ku Tete, kugona pa mabenchi a m'malire, miyendo kutupa zenizeni. Nditaona nyanja ya kuno koyamba ndinafunsa amayi anu kuti tsidya lake kuli mudzi wa yani.

Ntchito yanga yoyamba ku Fish Hoek inali yosamalira gogo wina wachizungu wokhala yekha m'nyumba ya paphiri. Ameneyo anandizunguza mutu. Ankadwala zenizeni, usana wonse kubuula, chakudya osachikhudza. Koma Lamlungu mwana wake akati akubwera, ankandiuza kuti ndimukhazike pampando wa pazenera, ndimupese, ndimupake zofiira pamilomo. Mwana akalowa, gogo kuseka, kufunsa za agalu, kudya keke. Galimoto ikangotuluka pageti, ankagwa m'manja mwanga ngati nsalu yonyowa. Ankaopa kuti akadziwika amutengera kunyumba zosungirako okalamba. Ndinkati dziko ili ndi lozondoka: kwathu wabwinobwino akunamizira kudwala, kuno wodwala akunamizira kuchira. Masana tinkakhala pazenera paja awiri, kuyang'ana anamgumi akutulutsa misana yawo m'madzi pang'onopang'ono n'kumiranso. Nthawi zina ndinkasinza, phokoso la mafunde n'kusanduka nyimbo za pakhonde pathu, n'kudzidzimuka ndisakudziwa kuti ndili dziko liti.

Mayi anga ankatumiza mauthenga pa foni ya oyandikana nawo, akuti adwala, akuti mwina sawona mvula ya chaka chino. Ndinkangoti pepani. Kenaka mauthenga analeka. Chimenecho ndicho chinandiopsa. Patapita miyezi, oyandikana nawo aja anaimba okha n'kunena kuti, "Esinati, akutiletsa kukuuzani, koma bwerani."

Ndinawapeza atakhala pakhonde akusola nyemba m'lichero. Mutu unali pamtunda, wopanda duku. Mapewa aja anali atatha, manja ngati bango.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Ndadzuka bwino. Wakuuza ndani kuti ubwere?"

Ndinakhala nawo milungu iwiri, ndipo tsiku lililonse ankati adzuka bwino. Tsiku lina masana ndikuwadzoza mafuta kumsana, analankhula atandifulatira.

"Tsiku la mtondo lija ndinakuona. Ndinaona diresi lako likubwerera m'chimanga."

Manja anga anaima.

"Tsiku la basi ndinagona ndikumvetsera. Ndinkati mwanayu akangolowa n'kunena kuti mayi dzukani mundiperekeze, ndidzuka. Sunalowe."

"Mayi, mwana angauze mayi ake kuti akunama?"

"Nanga mayi angadzuke yekha pamaso pa anthu amene abwera ndi nthochi?"

Anaseka pang'ono, kuseka kwake n'kusanduka chifuwa. Kenaka anati, "Ndinkaopa kutsala ndekha, Esinati. Ndinakudyera moyo wako." Ndinapitiriza kuwadzoza mafuta. Mpaka lero sindidziwa ngati akanadzukadi tsiku lija, kapena ananena pofuna kuti tigawane katunduyo. Anamwalira Lachisanu lotsatira.

Ndinalumbira pamanda paja kuti ine sindidzatero kwa mwana aliyense. Kulumbira n'kosavuta mwana akadali wamng'ono, akukugwira chitenje popita ku shopu.

Lachiwiri lapitali, Tamanda, unakwera pampando n'kutsitsa chikwama pamwamba pa wadiropu. Unachipukuta fumbi ukuimba. Ine ndinali nditakhala pomwe pano. Ndinayang'ana bedi lako, ndinaganiza za amayi ako amene amabwera kamodzi pa sabata, za Zione amene akaweruka amakhala kwa anzake mpaka njala imukumbutse kwawo, za masana aatali a m'nyumba muno mphepo ikugwedeza malata. Sindinakonze chilichonse. Dzanja langa linapita lokha pansi pa pilo n'kutenga mpango, ndipo pozindikira ndinali nditamanga kale pamphumi. Utatembenuka n'kufunsa kuti agogo chavuta n'chiyani, ndinamva mawu a mayi anga akutuluka pakamwa panga, aang'ono omwe aja.

Ndipo zinandikomera, ndisakunamizeni. Dzanja lako pachipumi panga, phala la m'mawa, iwe kugona kumiyendo kwanga ngati kale. Ukapita ku shopu ndimadzuka, ndimasesa, ndimayang'ana panja. Ntchafu ya nkhuku ija unamukalipira Zione, ndinadya ndine. Pepa, Zione. Usanditong'olere maso choncho, inali yaing'ono.

Iwe, Tamanda, unadziwa tsiku lotsatira lomwe. Unapeza pansi posesa, ukudziwa kuti mng'ono wako tsache amalidutsa ngati njoka. Unangoyamba kugwedeza geti.

Sindikudwala, mwana wanga. Mawondo amawawa, inde, koma anayamba kuwawa usanabadwe ndipo adzawawabe ukadzabwera ndi yunifolomu yoyera. Ndikuopa basi. Ndikuopa kwambiri, ndipo Loweruka ndilira pamaso pa anthu onse okwera basi, uchite manyazi. Koma mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Uwaimbire amayi ako uwauze kuti ukupita, ndipo chifukwa chake ndiwauza ndekha.

Nthawi ili bwanji, Zione? Ndiye atsala pang'ono kufika. Amayi a mpingo anati akatuluka m'mapemphero a masana adutsa kuno kudzandiona, ndipo ndikuwadziwa, sabwera chimanjamanja. Aganiza kuti pemphero lawo lagwira ntchito asanalinene n'komwe, koma ndiwauza mmene zilili, aseke amene aseke. Masula mfundo iyi kumbuyoku, ndinamanga mothina kwambiri. Tsegulanso chitseko chija, mchenga ulowe, tisesa.

Ayi, Tamanda, usandigwire mkono. Pukuta maso ako, uimirire apo undione. Ndidzuka ndekha.